Aphunzitsi a Kayendedwe: Kusanthula Filimu ya Paris Is Burning

Chapakati pa filimu ya Paris Is Burning pamabuka mkangano wa mabatani. Mnyamata wina walowa m'bwalo atavala chikhoti chaubweya chodula, m'gawo la mpikisano lomwe lamulo lake ndi lakuti zovala zikhale zachimuna zokhazokha. Woyendetsa mwambo akuti chikhoticho n'chachikazi. Mnyamatayo akulusa, akukuwa kuti mabatani ali kudzanja lamanja, ndipo chovala chachimuna chimamangidwa choncho. Phokoso labuka m'holo, anzake akuyesa kumuziziritsa, iye osamva. Woonera wachangu amangoseka n'kudikira chotsatira.

Ambiri amene adalembapo za filimuyi amaitenga ngati nkhani ya maloto: anthu osauka, akuda ndi ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi, kuvala ngati olemera usiku umodzi kuti aiwaleko mavuto. Maloto alimodi. Komatu mnyamata wodziwa mbali yomwe batani limakhala pa chovala chachimuna adachita kuphunzitsidwa, ndipo womutsutsayo akugwira ntchito ya woyesa mayeso. Ukaionetsetsa modekha, filimuyi ndi nkhani ya sukulu. Ili ndi aphunzitsi, ophunzira, maphunziro ndi mayeso ake, ndipo imatisiya tikufunsa kuti amene adadyerera maphunzirowo ndani.

Paris Is Burning ndi filimu ya zochitika zenizeni yomwe Jennie Livingston adajambula mumzinda wa New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Idaonetsedwa koyamba mu 1990, idagawana ndi filimu ina mphoto yaikulu ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu 1991, ndipo mu 2016 Library of Congress idailemba m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa m'dziko la America. Dzina lake lidachokera ku mpikisano womwe Paris Dupree, mmodzi mwa ojambulidwa, ankakonza. Mipikisano yotereyi, yomwe eni ake amaitcha ball, inkachitikira m'maholo obwereka, makamaka ku Harlem, kuyambira pakati pa usiku mpaka kucha. Ambiri mwa opikisana anali amuna okonda amuna anzawo, ndi ena obadwa ndi thupi lachimuna koma odzidziwa kuti ndi akazi. Munthu amayenda pakati pa holo, oonerera ali mbali zonse, oweruza ali patebulo kutsogolo. Amamupatsa malikisi, ndipo wopambana amanyamula chikho.

Mizu ya mipikisanoyi ili mu mkwiyo wa Crystal LaBeija. Mu 1967, pa mpikisano wina wa chiphadzuwa wa amuna ovala zachikazi ku New York, Crystal adachoka pansanja atakwiya, akunena kuti oweruza adakonzeratu zopatsa mzungu chisoti, ndipo kamera ya filimu ina, The Queen ya 1968, idajambula mkwiyowo. Mipikisano ya mtunduwu idalipo kale kwa zaka zambiri, koma inkakondera akhungu loyera, moti akuda ankadzola phoda woyeretsa nkhope kuti aganiziridweko. Patapita zaka zochepa Crystal adakonza mpikisano wa anthu akuda m'dzina la nyumba ya LaBeija, ndipo nyumba zina zidatsatira, zina zikubwereka maina a osoka otchuka a ku Paris. Livingston safotokoza mbiri imeneyi. Dzina la Crystal limangotuluka m'kamwa mwa Pepper LaBeija, amene adalowa m'malo mwake. Mbiriyo ndi yofunika kuidziwa, chifukwa ikuonetsa kuti anthuwa adamanga bwalo lawo ataponderezedwa m'bwalo la eni, ndipo chinthu choyamba chomwe adadzitengera ndi mphamvu yoweruza.

Kamangidwe ka filimuyi n'kamene kamaulula msanga kuti tili m'kalasi. Mulibe liwu la wofotokoza wakunja. Chithunzi chimangoda, n'kutulukira mawu olembedwa ndi zilembo zoyera: dzina la munthu, dzina la gawo la mpikisano, kapena mawu a eni ake monga realness, reading, shade ndi voguing. Kenako wina wodziwa amafotokoza, kamera n'kutitengera m'holo kukaona chitsanzo. Mutu, tanthauzo, chitsanzo, ndipo ndondomekoyi imabwerezedwa mpaka kumapeto. Mphunzitsi wamkulu ndi Dorian Corey, wachikulire pa onse, amene nthawi zambiri timamupeza ali pagalasi, akudzola nkhope pang'onopang'ono uku akulankhula. Nkhopeyo imamangika ife tikuona. Pamene pakamwa pakutiuza kuti maonekedwe amachita kupangidwa, manja akutisonyeza kapangidwe kake.

Phunziro loyamba limachokera kunyumba. Filimu ikungoyamba, tili m'misewu ya New York usiku mu 1987, timamva liwu la munthu akukumbukira zomwe bambo ake adamuuza: kuti mwamuna aliyense wakuda ali ndi milandu iwiri pamaso pa dziko, khungu lake ndi umuna wake, ndipo iye ali ndi wachitatu chifukwa amakonda amuna anzake, choncho ayenera kulimba kuposa momwe adaganizirapo. Mawuwo asanazilale, Pepper LaBeija akulowa m'holo atavala chovala chagolide chotukumuka m'mapewa, nthenga kumutu, khamu likukuwa. Ziwirizi adaziika moyandikana dala. Bambo uja adawerengera mwana wake zomwe dziko lidzamuchite, ndipo holo ikusonyeza ana otere chochita nazo. Pepper sathamanga. Amayenda ngati mwini malo, amaima pomwe wafuna, ndipo achinyamata ali m'mbalimo akuphunzira ndi maso.

Magawo a mpikisano ndiwo maphunziro a sukuluyi. Mlendo amayembekezera nthenga ndi mikanda yokhayokha, koma zambiri zomwe timaona ndi zovala za tsiku ndi tsiku za anthu omwe America amawalemekeza. Pali gawo la wophunzira wa kuyunivesite, mabuku ali m'manja. Pali la msilikali, yunifomu yosita bwino, akuguba ngati ali pa perete. Pali la anthu achuma ovala zokapumira kunja kwa mzinda. Ndipo pali la bwana wa kampani: suti, tayi, chikwama cha mapepala. Dorian amafotokoza kuti kunja kuno munthu sakhala bwana popanda maphunziro ndi mwayi, zinthu zomwe munthu wakuda amavutika kuzipeza, ndiye m'holomo woyendayo akusonyeza kuti akadapatsidwa mpata akadatha, popeza maonekedwe ake akukwana. Mawuwa ali ndi chisoni, pakuti suti ya m'holo siilembetsa munthu ntchito. Alinso ndi mnyozo wobisika. Ngati mnyamata wosowa pogona angaoneke bwana mpaka oweruza okhwima kuvomereza, ndiye kuti mbali yaikulu ya ubwana yagona pa suti ndi kayendedwe, zinthu zoti aliyense angaphunzire.

Woyendetsa mwambo nayenso ndi mphunzitsi, kungoti wake ndi mkuwo. Junior LaBeija, ali pa maikolofoni, amalongosola chomwe gawo lililonse likufuna, amadzudzula khamu likasokoneza, ndipo pa gawo la chuma amatchula chilembo chimodzichimodzi cha liwu lachingerezi lotanthauza ulemerero, n'kuuza woyendayo kuti zonse ndi zake. Woyendayo mwina alibe ndalama yobwererera kunyumba. Koma liwu la Junior likumulamula kuti mapewa, khosi ndi mapazi ake zikhulupirire zomwe thumba lake likukana, ndipo timaona thupi likumvera.

Kalumikizidwe ka zithunzi, ntchito ya Jonathan Oppenheim, kamalimbitsa mfundoyi. Pakati pa zochitika za m'holo amalowetsapo zithunzi za masana za m'misewu ya Manhattan: azungu a masuti akupita kuntchito, amayi ovala zodula akudutsa. Poyamba anthuwa amaoneka ngati eni ake enieni a zomwe a m'holo akutsanzira. Komabe diso lathu lakhala kale m'kalasi, ndipo timangozindikira kuti tayamba kuwapatsa malikisi: uyu tayi yamukhala, uyo nsapato zamugwetsa. Nawonso akuyenda m'gawo lawo. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe adawauza kuti ndi mpikisano, poti iwo chikho adachipeza chili kale m'nyumba.

Muyeso wa zonsezi ndi realness, kuoneka ndendende ngati mwamuna kapena mkazi wamba woti palibe angamukayikire. Dorian amaufotokoza popanda nthabwala: wakhoza ndi amene angatuluke m'holo dzuwa litatuluka, kukwera sitima ya pansi panthaka, n'kukafika kwawo zovala zili zonse, magazi osatuluka. Apa chikho chimasanduka nkhani yaing'ono. Mayeso enieni ali panja, oweruza ake ndi anthu osawadziwa a mumsewu, ndipo wolephera amamenyedwa. Tikamva zimenezi, kukhwima kwa oweruza a m'holo timakuona mwina. Ndi bwino cholakwa chako achione mnzako usiku uno n'kukumana chikho, kusiyana n'kuti achione mlendo mawa pasiteshoni.

Pa nkhani ya zovala, aphunzitsi ndi ophunzira awo sagwirizana, ndipo kusagwirizanako kukusimba mbiri. Dorian ndi Pepper amakumbukira nthawi yomwe aliyense ankafuna kuoneka ngati ovina a ku Las Vegas, nthenga ndi mikanda zosoka okha. Kenako kudabwera kutengera akatswiri a mafilimu, kenako oonetsa mafashoni a m'magazini, ndipo pofika m'ma 1980 maso onse adali pa Dynasty, sewero la pa wailesi yakanema lonena za banja lolemera ndi malonda a mafuta. Dandaulo la Dorian ndi lakuti kale ankakuyesa ndi chomwe wapanga ndi manja ako, pomwe lero akukuyesa ndi chomwe wapeza, ndi dzina la wosoka lomwe lili pakolala. Nanga mwana wopanda ntchito chovala choterocho achitenga kuti? Filimu siibisa. Ena amaba m'masitolo, ndipo kubako kuli ndi dzina lake, mopping, lomwe Freddie Pendavis amalifotokoza akumwetulira. Ena amagulitsa thupi. Ena, monga Kim Pendavis, timawaona akusokabe okha. Dyera la nthawi ya Ronald Reagan, pomwe chuma chinkatamandidwa poyera uku osauka akuchotseredwa thandizo, lidalowa m'holo kudzera pakolala.

Chovala chopweteka mtima kuposa zonse mufilimuyi sitichiona n'komwe. Pepper amasimba kuti mayi ake atapeza chikhoti chachikazi chaubweya wa mink chomwe iye ankabisa, adachitengera kuseri kwa nyumba n'kuchitentha, iye akuona. Nkhaniyi amaisimba ali khale pampando, ndudu ili m'manja, achinyamata a m'nyumba yake ali chapafupi kumvetsera. Tsopano mayi ndi iye. Nyumba, kwa anthu a ball, ndi banja lochita kusankhana: pali mayi, nthawi zina bambo, ndi ana omwe amatenga dzina la nyumbayo kukhala chiwongo chawo. Ambiri mwa anawa adathamangitsidwa kwawo ali achichepere, ndipo Pepper akuti ena amabwera ku mpikisano ndi njala, alibe pogona. Kamera imakumananso ndi anyamata awiri mumsewu usiku kwambiri, wina wa zaka 15, wina wa zaka 13, ndipo sitichita kufunsa kuti nyumbazi ana zimawatenga kuti. Angie Xtravaganza, mayi wa nyumba ya olankhula Chisipanishi, amalandira chikho cha mayi wopambana pa chaka, ana ake akuchitira umboni za chisamaliro chake. Umayi pano ndi ntchito: kudyetsa, kudzudzula, kukonzekeretsa mwana asanalowe m'bwalo. Mayi a Pepper adatentha chikhoti pofuna kuti mwana wawo asadzavalenso zotero, ndipo mwanayo adakula n'kukhala wophunzitsa ana a eni kavalidwe komweko.

Ngakhale chipongwe chili ndi malamulo ake. Dorian amafotokoza kuti anthu awiri ofanana sangatukwanane ndi chomwe onse ali, chifukwa chimenecho n'chodziwika kale. Umayenera kufufuza kachilema kakang'ono, kaya ndi kasokedwe ka diresi, kaya ndi kadzoledwe ka nkhope, n'kukakuza mpaka anthu aseke. Kumeneko ndiko reading. Shade ndi msinkhu wapamwamba, pomwe sunena n'komwe chilemacho koma mnzakoyo amangodziwa yekha. Zimaoneka ngati nkhanza, ndipo nthawi zina ndi nkhanza ndithu. Komabe lusoli limapatsa mwana zinthu ziwiri zomwe adzazifune panja: kuona msanga, ndi kulandira mawu opweteka osagwa nawo. Paja akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Voguing ndi mkangano womwewo utasamukira m'thupi, ndipo mphunzitsi wake ndi Willi Ninja, mayi wa nyumba ya Ninja. Iye amatchula magwero a guleyu amodziamodzi: kaimidwe ka oonetsa zovala m'magazini ya Vogue, zojambula zakale za ku Egypt za mizere yowongoka, ndi masewera opinda thupi. Kenako amapereka chitsanzo. Chikhatho chimasanduka kabokosi ka phoda kokhala ndi galasi. Amadzipaka kumaso, n'kutembenuzira galasilo kwa wopikisana naye, kumuuza popanda liwu kuti nkhope yofunika kukonza ndi yakeyo. Chofunika kuona ndi momwe Willi amalankhulira za luso lake. Sanena kuti guleyu ali m'magazi. Amamugawa m'zidutswa zoti wina angatole, ndipo sabisa kuti akufuna kupita naye ku Paris weniweni.

Ndiye pamabwera kachigawo kakafupi komwe pagona filimu yonse. Willi ali m'chipinda chophunzitsira, patsogolo pa gulu la atsikana, akuwaphunzitsa kuyenda ngati oonetsa mafashoni. Amayenda iye, iwo n'kutsatira. Amafotokoza kuti akazi a ku New York moyo wa mumzinda udawaumitsa, ndipo ntchito yake ndi kuwabwezera kufewa kwa kayendedwe, poti m'dziko lolamulidwa ndi amuna zimenezi zimathandiza mkazi kupeza chomwe akufuna. Maganizo amenewa ndi otsutsika, ndipo akazi ambiri angawakane. Koma taonani chomwe chithunzicho chachita. Kuyambira pachiyambi takhala tikuganiza kuti a m'holo amatsanzira akazi. Pano akazi obadwa akazi abwera kudzaphunzira ukazi wa pabwalo la mafashoni kwa mwamuna wakuda wa ndevu zapamlomo, amene adauphunzira poyang'anitsitsa magazini. Wotsanzira ndi wotsanziridwa asinthana malo, ndipo funso loti mwini wake weniweni wa kayendedweka ndani lilibenso yankho lapafupi.

Kwa ife kuno mfundoyi siyenera kukhala yachilendo, ngakhale anthu ake ndi dziko lake zili kutali. Mtsikana akatha msinkhu, anankungwi amamulangiza kakhalidwe ka pansi, kamangidwe ka chitenje, kagwadidwe pamaso pa akulu. Tikadakhulupirira kuti zonsezi munthu amabadwa nazo, sitikadavutika ndi chinamwali. Judith Butler, m'buku lake la 1993 lotchedwa Bodies That Matter, adatenga filimuyi pofotokoza kuti umuna ndi ukazi zimakhazikika mwa kubwerezabwereza, ndipo adachenjeza kuti kutsanzira mwaluso sikuti nthawi zonse kumagwetsa lamulo lomwe likutsanziridwalo. Nthawi zina kumalilimbitsa.

Amene adaidzudzula kwambiri filimuyi ndi bell hooks, mlembi wachikuda wa ku America, m'nkhani yomwe ili m'buku lake la 1992, Black Looks. Iye adati ukazi womwe ukupembedzedwa m'holomo ndi wa mzungu wolemera, ndiponso kuti Livingston, amene ndi mzungu, adabisala kuseri kwa kamera ngati kuti filimu idadzijambula yokha, n'kusandutsa miyoyo ya anthu akuda chionetsero chosangalatsa azungu. Chidzudzulochi n'chomveka. Nkhope ya Livingston sitiiona, chonsecho ndi iye adasankha choika ndi chotaya. Koma mfundo yoyamba ya hooks idanenedwa kale mufilimu momwemo, ndipo adainena ndi Dorian. Pokumbukira unyamata wake, amati aliyense ankafuna kuoneka ngati Marilyn Monroe, ndipo adazindikira mochedwa kuti woyenera kumutengera adali Lena Horne, woimba wachikuda, kungoti masiku amenewo palibe ankafuna kukhala Lena Horne. Wolankhula zimenezi si munthu wopusitsidwa. Akudziwa amene adakhazikitsa muyeso wa kukongola ku America, akudziwa kuti ndi wokondera, ndipo amauphunzitsabe chifukwa mayeso a panja amachokera momwemo.

Ophunzira awiri akutisonyeza pomwe mphamvu ya sukuluyi imalekezera. Octavia St. Laurent wamata zithunzi za oonetsa mafashoni pakhoma la chipinda chake, makamaka za Paulina Porizkova, ndipo chikho cha ku Harlem chokha sichimukwanira. Akufuna ntchito yeniyeni. Kamera imamutsatira ku mpikisano wa kampani ya oonetsa mafashoni ya Ford wosaka nkhope zatsopano, komwe waima pakati pa atsikana ambirimbiri popanda womukayikira. Mwa muyeso wa Dorian, wakhoza. Koma sitiona wina akumuitana. Filimu imangomusiya m'khamumo.

Venus Xtravaganza, wochepa thupi, wa liwu lofewa, amatchula yekha zomwe amalakalaka: galimoto, nyumba kutali ndi New York, mwamuna womukonda, ukwati wa m'tchalitchi atavala zoyera, ndi opaleshoni yoti thupi lake ligwirizane ndi chomwe iye ali. Amanenanso kuti akadakonda kukhala mtsikana wachizungu wolemera, woleredwa mwachisasati, poti otere savutikira kanthu. Ndalama amazipeza kwa amuna omwe amayenda nawo, ndipo amasimba za tsiku lomwe mmodzi mwa iwo, atazindikira za thupi lake, adalusa mpaka Venus adathawira pawindo. Chakumapeto Angie akutiuza kuti Venus adapezeka atafa, atakanyangidwa pakhosi, pansi pa bedi mu hotela ina mumzindamo, patapita masiku anayi, ndipo ndi iye, mayi wake wa m'nyumba, amene adazindikira mtembo. Izi zidachitika mu Disembala 1988, Venus ali ndi zaka 23. Angie akuti ankamuchenjeza kuti akuika moyo pachiswe. Filimu imakhala pa imfayi kanthawi kochepa kwambiri n'kupitirira, ndipo apa hooks adanena zoona: sitiona maliro, sitiona olira. Mphunzitsi adaphunzitsa, wophunzira adakhoza, ndipo sizidakwanire. Luso la maonekedwe limateteza munthu kwa omuonera patali. M'chipinda chotseka, pamaso pa munthu amene akudziwa kuti imfa ya wotereyu siidzavutitsa aliyense, lusolo lilibe chochita.

Gawo lomaliza, lolembedwa 1989, likuonetsa dziko lakunja litatulukira sukuluyi. Atolankhani akufotokoza voguing ngati chinthu chatsopano, akuluakulu a mafashoni asonkhana pa Love Ball, mwambo wosonkhetsa ndalama zolimbana ndi Edzi. Willi zamuyendera. Wagwira ntchito ndi woimba Malcolm McLaren, wayenda maiko akunja, ndipo potionetsa ndolo yake yodula akuwonjezera kuti adachita kugula, lisiti ali nalo. Nthabwalayo amaimva ndi yekhayo amene adatchera khutu pa phunziro la mopping. Chaka chotsatira Madonna adatulutsa nyimbo ya Vogue, n'kutenga ovina awiri a nyumba ya Xtravaganza, Jose Gutierez ndi Luis Camacho, ndipo gule wa ku Harlem adafalikira dziko lonse atanyamula dzina la mzungu. Filimu nayo idapanga ndalama pafupifupi madola 4 miliyoni. Ena mwa ojambulidwa adafuna kukasuma, Paris Dupree akufuna madola 40 miliyoni, koma zidapezeka kuti adasaina mapepala ovomereza kujambulidwa, ndipo pamapeto pake anthu 13 adagawana madola pafupifupi 55,000. Opanga mafilimu a zochitika zenizeni sakakamizidwa kulipira omwe akuwajambula, ndipo Livingston sadaphwanye lamulo. Koma tikavomereza kuti filimu yonseyi yaima pa mafotokozedwe a Dorian, Pepper, Willi ndi anzawo, ndalamayo imasanduka malipiro a aphunzitsi, ndipo ndi yochepa.

Aphunzitsiwo sadakhalitse. Angie ndi Dorian adamwalira mu 1993 ndi matenda obwera ndi Edzi, Angie ali ndi zaka 28. Pepper adamwalira mu 2003, Willi mu 2006, ndipo wophunzira uja Octavia mu 2009. Nyumba zidatsala, ndipo umboni wamphamvu woti zidali sukulu udachokera kwa azaumoyo. Bungwe la Gay Men's Health Crisis litafuna kufikira achinyamata a m'maholowa ndi uthenga wopewa kachilombo ka HIV, lidayambitsa mpikisano wakewake, Latex Ball, womwe wakhala ukuchitika kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Uthenga wa makondomu ndi kuyezetsa magazi udalowa kudzera m'magawo ndi zikho, chifukwa mwana woopa dokotala amamvera mayi wa nyumba yake. Mu 2018 sewero la Pose lidabweretsa nkhani ya nyumbazi pa wailesi yakanema, ndipo lero mipikisano ya ball imachitika ku Paris weniweni, ku London ndi ku Johannesburg.

Woonera filimuyi angasiyane maganizo ndi anthu ake pa za chipembedzo kapena chikhalidwe, monga ambiri kuno kwathu angasiyanirane nawo. Chomwe filimuyi siimulola ndi kuwaona ngati anthu osadziwa chomwe akuchita. Adaliwerenga dziko la America kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, adakonza maphunziro ake, adalera ndi kuphunzitsa ana omwe makolo adawataya, ndipo oimba ndi makampani a mafashoni adadzakopera m'makope awo. Wofuna kuwaweruza ayambe wayankha chifukwa chomwe anthu odziwa chonchi ankafunika kubwereka holo pakati pa usiku kuti apeze wowapatsa malikisi.